Mitsempha ya m'mimba siyenda njira imodzi mwa anthu onse

Akonzi,

Ndiloleni malo pa tsamba lanu la makalata kuti ndifotokozeko nkhani imene ambiri angaiyese ya madokotala okhaokha, koma imene m'miyezi yapitayi yatayitsa banja lathu mbuzi ziwiri ndi tulo ta masabata atatu, ndipo inatsala pang'ono kudanitsa anthu omwera chitsime chimodzi. Nkhaniyo ndi ya mitsempha ya magazi ya m'mimba mwa munthu, ndi mmene kayendedwe kake kamasiyanirana pakati pa munthu ndi mnzake. Ndinagwira ntchito ya clinical officer m'zipatala za kuno ku Chigwa cha Shire kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo gawo lalikulu la zakazo ndinalithera kufiyeta, kotero zina mwa zimene ndilembe pano ndinaziwerenga m'mabuku, zina ndinazigwira ndi zala zanga.

Mwana wa mlongo wanga, mayi wa ana atatu, anavutika kwa nthawi ndithu ndi ululu wa m'nthiti cha kumanzere umene unkatsikira kuchinena, mpaka anamutumiza kumtunda kuti akajambulidwe ndi makina a CT. Kumeneko anamupeza ndi kamwala mu impso, anamupatsa mankhwala namuuza kuti azimwa madzi ambiri, ndipo pasanathe masabata awiri kamwalako kanatuluka kokha. Matenda anathera pomwepo. Chimene chinatsala ndi pepala la zotsatira, lolembedwa m'Chingerezi, limene kumapeto kwake kunali mizere iwiri yonena kuti impso yakumanzere ili ndi mitsempha iwiri m'malo mwa umodzi, ndiponso kuti mtsempha wopita ku mbali yakumanja ya chiwindi unaphukira pamalo osiyana ndi pamene mabuku amajambula. Palibe amene anamufotokozera mizere imeneyi, mwina chifukwa panja panali chinamtindi cha odwala ena. Atafika kumudzi, mnyamata wina wa Fomu 4 anawerenga pepalalo, napeza mawu akuti aberrant, nawafufuza pa foni, n'kulengeza kuti mitsempha ya azakhali ake "inasokera". Inu mukudziwa, Akonzi, kuti kumudzi chinthu sichisokera chokha, pamayenera kupezeka wochisokeretsa. Mbuzi yoyamba inapita kwa sing'anga, yachiwiri inatsatira, ndipo maso a anthu anayamba kutembenukira kukhomo kwa gogo wina wamasiye amene mlandu wake unali ukalamba basi.

Anabwera kwathu m'mawa wina dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, atakulunga buku lake la kuchipatala m'kapulasitiki ka shuga, nakhala pansi pakhonde, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, musandibisire, kodi ndatsala ndi masiku angati?" Ndinawerenga pepalalo kawiri, kenako ndinamuyankha kuti, "Mwanangu, pepala ili likunena za mmene unaumbidwira m'mimba mwa mayi ako, ndipo n'kutheka kuti ineyo kapena amene anakujambulayo tili ndi zofanana nazo." Ndinatsitsa kalendala yakale pakhoma n'kuyamba kumujambulira kuseri kwake, ndipo zimene ndinamujambulira tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna owerenga anu azione.

Tiyambe tagwirizana pa mawu. M'Chichewa mawu akuti mtsempha amasenza katundu wambiri, pakuti timatchula nawo ija imaonekera pamkono pamene anamwino amaikapo diripi, uja umakoka pachidendene, komanso ija imatenga uthenga wa ululu kupita kuubongo. Imene ndikunena pano ndi yotenga magazi kuchokera kumtima kupita kuziwalo, imene ukaigwira imagunda. Kholo la yonseyo ndi aorta, imene imachoka kumtima, kudutsa pa mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndi kutsetsereka patsogolo pa msana cha kumanzere pang'ono, mpaka kugawika pawiri kufupi ndi mchombo kuti nthambi zake zilowe m'chiuno ndi kumiyendo. Mwa munthu wamkulu kunenepa kwake ndi pafupifupi masentimita 2, ngati chala chachikulu cha kudzanja, ndipo munthu wowonda akagona chagada n'kudina pamwamba pa mchombo amatha kuimva ikugunda, chinthu chimene chaopsezapo anthu ambiri popanda chifukwa. Wofunika kuthamangira kuchipatala ndi wachikulire amene wamva chotupa chachikulu chikugunda pamalopo.

Kutsogolo kwa aorta kumaphuka mitsempha itatu yodyetsa ziwalo zogaya chakudya. Woyamba, umene madokotala amautcha coeliac trunk, ndi kachitsa kafupi, ka sentimita imodzi kapena awiri, kamene kamagawika patatu: nthambi ina kupita kuchifu, ina kuchiwindi, ina kwa kapamba, chiwalo chija chimatupa pansi pa nthiti kumanzere mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Albrecht von Haller wa ku Switzerland anafotokoza kagawikidwe kameneka mu 1756, ndipo mpaka lero mabuku amakayerekeza ndi mpando wa miyendo itatu n'kukatchula ndi dzina lake, ngakhale ife tikanangoti mafuwa. Pansi pake pang'ono pamaphuka superior mesenteric, umene umadyetsa matumbo aang'ono ndi mbali yoyamba ya thumbo lalikulu, ndipo kumunsi kwake kuli inferior mesenteric, wodyetsa mbali yotsala ya thumbo lalikululo. M'mbali mwa aorta mumaphuka mitsempha ya impso, umodzi uku wina uku.

Chithunzi chimenechi ndi chimene wophunzira aliyense wa zachipatala amaloweza pokonzekera mayeso, ndipo n'cholondola, kungoti ndi cha anthu ambiri, si cha anthu onse. Nicholas Michels wa ku Philadelphia m'dziko la America anapenda matupi 200, ndipo mu 1966 anafalitsa mitundu 10 ya kayendedwe ka mitsempha ya chiwindi. Mwa matupi amenewo, 55 okha pa 100 alionse ndi amene anafanana ndi chithunzi cha m'buku. Pa 11 mwa 100 alionse mtsempha wa mbali yakumanja ya chiwindi unachokera ku superior mesenteric, mtsempha wa matumbo uja, chimodzimodzi mwana wa mlongo wanga, ndipo pa 10 mwa 100 alionse wa mbali yakumanzere unachokera ku mtsempha wa chifu. Mu 1994 Jonathan Hiatt ndi anzake ku Los Angeles anawerenga ziwindi 1,000 zimene zinaperekedwa kuti ziikidwe mwa odwala ena, ndipo anapeza kuti 757 zinali monga mwa buku, 106 zinali ndi mtsempha wakumanja wochokera ku wa matumbo, 97 zinali ndi wakumanzere wochokera ku wa chifu, 23 zinali ndi zonse ziwiri, pa 15 mtsempha wonse wa chiwindi unachokera ku wa matumbo, ndipo pa 2 unaphuka pa aorta penipeni. Ziwerengero zimasiyana malinga ndi anthu amene apendedwa komanso njira yopendera, koma ngakhale titatenga chochepacho, tanthauzo lake n'lakuti m'minibasi ya anthu 16 yochoka pa Nchalo kukwera ku Blantyre muli anthu pafupifupi anayi amene chiwindi chawo chimalandira magazi mwa njira yosiyana ndi ya m'buku, ndipo onsewo amatsika pa Limbe ali bwinobwino osadziwa kanthu. Kachitsa ka nthambi zitatu kaja nakonso sikakhala ndi zitatu nthawi zonse. Mwa ena kamakhala ndi ziwiri, yachitatu n'kuphukira payokha, ndipo mwa anthu ochepa kwambiri kamaphukira pamodzi ndi mtsempha wa matumbo ngati mitengo iwiri ya tsinde limodzi, monga Buntaro Adachi wa ku Japan anasonyezera mu 1928.

Mwana wa mlongo wanga atamva izi anafunsa funso lenileni, lakuti nanga zimenezi zimayamba bwanji. Yankho lili m'masabata oyambirira a pathupi, mwana asanapitirire kukula kwa njere ya mtedza. Pa nthawiyo aorta imakhala ndi timitsempha tambirimbiri tondondozana topita kumene kudzakhale chifu ndi matumbo, ndipo tambiri timafota mwana akamakula. Julius Tandler wa ku Vienna anafotokoza mu 1904 kuti pamalo tikunenawa pamakhala mizu inayi, wina pansi pa unzake, yolumikizidwa kutsogolo ndi kamtsempha koyenda chotsika. Kawirikawiri mizu iwiri yapakati imafota, kolumikizako kamaduka pamwamba pa muzu wachinayi, ndipo muzu woyamba umatsala ndi nthambi zitatu zija pamene wachinayi umasanduka mtsempha wa matumbo. Kakadukira pena, nthambi ina imatsalira ku muzu wapansi. Chiwindi nachonso chimayamba ndi mitsempha itatu, wakumanzere wochokera ku wa chifu, wapakati, ndi wakumanja wochokera ku wa matumbo, ndipo mwa anthu ambiri umatsala wapakati wokha, koma mwa ena umodzi wa m'mbaliwo umakana kufota n'kutenga ntchito.

Ife a kuno zimenezi siziyenera kutivuta kumva. Madzi akaphwa kudimba anthu amatsegula tinjira tambirimbiri m'matope ndi m'bango, koma pakatha mwezi tina timamera udzu chifukwa sitipondedwa, n'kutsala tiwiri kapena titatu. Mudzi wina umatsala ndi kanjira ka kumtunda, mudzi wina ka kumunsi, komabe onse amafika kudimba ndi kubwerako ndi mbatata. Pali chinthu chimodzi chimene ndinatsindika kwa mwana wa mlongo wanga, chakuti kusankhika kwa njira kumeneku kumatha mayi asanayambe n'komwe kumva mwana akugunda m'mimba. Tinaona mitsinje ikusiya makwawa ake akale usiku umodzi pa madzi osefukira a 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, koma mtsempha wa munthu wamkulu susamuka pamene unaphukira. Palibe munthu, ngakhale akhale wa mtima woipa chotani, amene angauzule pa chitsa china n'kukaubzala pa china mwa mayi wa ana atatu.

Nkhani ya impso ndi yokoma kuimva. Impso siziyambira pamene zili, zimayambira pansi m'chiuno, ndipo pakati pa sabata la 6 ndi la 9 la moyo wa mwana m'mimba zimakwera pang'onopang'ono mpaka kukafika kuseri kwa nthiti zam'munsi. Pokwerapo zimachita ngati munthu wokwera makwerero, amene amagwira pamwamba n'kusiya pansi, pakuti zimalandira mtsempha watsopano kuchokera pa aorta pamene wakale wapansi ukufota. Wapansiwo ukapanda kufota, munthu amabadwa ndi mitsempha iwiri kapena itatu pa impso imodzi, ndipo zimenezi zimapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu atatu kapena anayi alionse. Mapepala a kuchipatala amakonda kuitcha mitsempha yowonjezera, dzina limene ine sindilikonda chifukwa limamveka ngati tayala la sipeya limene ungathe kulichotsa galimoto n'kumayendabe. Zoona zake n'zakuti mtsempha uliwonse wolowa mu impso umadyetsa chigawo chakechake, ndipo zigawozo sizibwerekana magazi, monga F. T. Graves anasonyezera mu 1954 pamene anagawa impso m'zigawo zisanu. Ukamanga umodzi poganiza kuti ndi wapadera, chigawo chimene unkadyetsa chimafa, ndipo tikumbukire kuti impso ziwirizi zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa. Pali anthu ena, pafupifupi mmodzi pa 500, amene impso zawo zinalumikizana kumunsi zisanakwere, ndipo pokwera zinakodwa pa mtsempha wa inferior mesenteric n'kukhazikika pomwepo, kawirikawiri zili ndi mitsempha ingapo. Abale athu amene amapita ku India kukapereka impso kwa m'bale wawo amayamba ajambulidwa pa chifukwa chomwechi. Madokotala amakonda kutenga yakumanzere popeza mtsempha wake wobweza magazi ndi wautali, koma akaona kuti ili ndi mitsempha yambiri yolowa amatha kusankha yakumanja.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti kusiyana kumeneku sikubweretsa vuto ngakhale kamodzi. Nthawi zina mtsempha wapansi wa impso umapingasa pa kanjira kotengera mkodzo kupita kuchikhodzodzo n'kukapana, impso n'kuyamba kutupa ndi mkodzo, ndipo zimenezi zimakonzedwa ndi opaleshoni. Mwa anthu ochepa kachitsa ka nthambi zitatu kaja kamapanidwa ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, munthu n'kumamva ululu akangodya mpaka kuwonda. Koma zoterezi ndi zapatalipatali, ndipo zimadziwika ndi zizindikiro zake. Kwa anthu ochuluka zedi, mtsempha woyenda njira ina supweteka, sufuna mankhwala, suletsa chakudya chilichonse, suletsa kubereka, ndipo sudula masiku a munthu.

Pamene nkhaniyi imalemera ndi pamene mpeni wa dokotala walowa m'mimba, ndipo apa m'pamene ife a kuchigwa tiyenera kutchera khutu kuposa anzathu a m'tauni. Maopaleshoni ambiri a m'mimba amene ndinawaona kuno anali adzidzidzi, ausiku, a anthu ogundidwa ndi njinga zamoto za kabaza, opondedwa ndi ngolo, obayidwa ndi nyanga ya ng'ombe kapena olumidwa ndi mvuu pa Shire. Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo kumapeto kwake kuli chikweza cha pa Thabwa, choncho munthu amene akukha magazi m'kati sangadikire ulendo wotere kuti akajambulidwe kaye. Amatsegulidwa pomwepo, ndipo wotsegulayo amaona kayendedwe ka mitsempha yake kwa nthawi yoyamba magazi ali thothotho.

Ndikukumbukira usiku wina ndili wachinyamata pantchito, pamene anabwera ndi bambo wina amene ngolo ya thonje inamugubudukira pamimba. Titatsegula tinapeza kuti mbali yakumanzere ya chiwindi yang'ambika. Pali njira imene James Hogarth Pringle wa ku Glasgow anaifotokoza mu 1908, yotsina ndi zala kapena ndi chopanira mtolo wonse wa mitsempha yolowa m'chiwindi kuti magazi ayambe aima pamene mukusoka. Tinatsina monga tinaphunzirira, koma magazi ofiira piriwiri anapitiriza kutumpha motsatira kugunda kwa mtima, ngati sitinagwire kanthu. Ine thukuta linali kamukamu, maganizo atandithera. Dokotala wamkulu amene ndinkamuthandiza sanakweze mawu, anangoti, "Mnyamata, unikira apa," napisa chala m'kansalu kopyapyala kamene kali pakati pa chifu ndi chiwindi, nafufuza mwakachetechete mpaka anapeza kamtsempha konenepa ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni, kochokera ku mtsempha wa chifu, kakulowera m'chiwindi cham'mbali osadutsa m'mtolo umene tinatsina uja. Atangokapana, magazi anaima. Bambo uja anatuluka m'chipatala akuyenda yekha patatha masabata awiri, ndipo ine ndinamvetsa usiku umenewo chimene akuluakulu amanenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dokotala yemweyo ndi amene anandiphunzitsa kuti usanadule chilichonse pafupi ndi kathumba ka ndulu uyambe walowetsa chala kuseri kwa mtolo uja, ndipo ukamva kugunda kumbuyo kwa njira ya ndulu cha kumanja udziwe kuti wodwala wako ndi mmodzi mwa aja mtsempha wawo wakumanja unachokera ku wa matumbo. Ukaumanga mosadziwa, chiwindi chenichenicho nthawi zambiri chimapirira, popeza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi ake amabwera ndi mtsempha wina waukulu wochokera kumatumbo wotchedwa portal vein, koma njira za ndulu zimadalira magazi a mitsempha yogundayi, ndipo zikasowa magaziwo zimatha kuphwanyika kapena kutsekeka pakapita nthawi. Kamalo kakang'ono ka ngodya zitatu kamene kali pakhosi pa kathumba ka ndulu, kamene Jean-François Calot wa ku France anakafotokoza mu 1891, ndi kamodzi mwa malo amene madokotala amawalemekeza kwambiri, chifukwa kamtsempha ka ndulu kamatha kukhala kafupi, kamatha kukhala pawiri, ndipo nthawi zina mtsempha wa chiwindi umapindikira pomwepo ngati mbozi ikuyenda, wosadekha n'kuuyesa wa ndulu.

Kapamba ndiye wathuwathu kuno, popeza malungo obwerezabwereza ndi likodzo la m'matumbo zimamutupitsa mwa anthu ambiri, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika munthu akagwa pa njinga. Mtsempha wake umayenda mokhotakhota m'mphepete mwa pancreas, chiwalo chija chimapanga insulin, ndipo mwa ambiri umagawika nthambi zingapo ukadali patali, pamene mwa ena umafika pakhomo penipeni uli umodzi. Palinso ena amene ali ndi kanthambi kapadera kopita kunsonga yakumwamba kapena yakumunsi, kotero wochotsa kapamba amene wamanga mtsempha umodzi n'kuganiza kuti wamaliza amatha kudzidzimuka. Za matumbo ndingonena mwachidule kuti pochotsa mbali yofa ya thumbo lalikulu limene lapotana, vuto lofala mwa abambo m'dziko muno, nsonga ziwiri zolumikizidwazo zimadalira kamtsempha koyenda m'mphepete mwa thumbolo, kamene sikalimba mofanana mwa anthu onse, makamaka pokhota pa kunsi kwa kapamba pamene magazi a mitsempha iwiri ya matumbo amakumanirana. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba waona kuti nsonga yodulidwayo ikukha magazi asanaisoke.

Pempho langa lalikulu likuchokera pamenepa. Munthu akajambulidwa kumtunda n'kupezeka kuti mitsempha yake inayenda njira ina, uthengawo ndi wa mtengo wapatali, koma umatsalira m'kompyuta ya chipatala chachikulu kapena pa pepala la Chingerezi limene chiswe chidzadya, pamene opaleshoni imene ingadzafune uthengawo idzachitikira ku Chikwawa, ku Ngabu kapena ku Nsanje, mwina patapita zaka 10, pakati pa usiku. Ndikupempha kuti zoterezi zizilembedwa pa tsamba loyamba la buku la kuchipatala, pamodzi ndi gulu la magazi ndi mankhwala amene munthu amadana nawo, m'mawu ochepa amene clinical officer wotopa angawaone asanavale magolovesi. Ndikupemphanso kuti wopereka zotsatira azitenga mphindi ziwiri kuuza wodwala m'Chichewa kapena m'Chisena kuti, "Mtsempha wanu uwu unayenda njira ina, ndi chibadwa, si matenda, koma mukadzapita ku opaleshoni mudzawauze." Ndikudziwa kuchuluka kwa odwala pakhomo la dokotala mmodzi, ndinakhalapo pampando umenewo, komabe mphindi ziwirizo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi mbuzi ziwiri, ndiponso poyerekeza ndi zimene zikanagwera gogo uja. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti, koma anthu akakwiya, lamulo limafika pamalo moto utazima kale.

Owerenga atcheru aona kuti ziwerengero zonse ndatchulazi zachokera ku Philadelphia, ku Los Angeles ndi kwina kutali. Dziko lathu lakhala ndi sukulu yophunzitsa madokotala ku Blantyre kuyambira 1991, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo zipatala zikuluzikulu zimajambula mimba za Amalawi tsiku ndi tsiku. Zithunzi zimenezo, mayina a eni ake atachotsedwa, zingathe kuwerengedwa popanda kukhudza mtembo wa munthu, chinthu chofunika kwa anthu ngati ife amene timalemekeza maliro, komanso m'dziko limene mu 2016 linakhwimitsa lamulo lokhudza ziwalo za anthu chifukwa cha kuphedwa kwa abale athu achialubino. Zimene akatswiri athu apeza kapena adzapeze pa mitsempha ya Amalawi zisathere m'magazini a Chingerezi okha, zitsikenso chikweza cha pa Thabwa n'kufika kwa ogwira mpeni m'zipatala za m'maboma, pakuti ndi iwowo amene amatsegula mimba popanda chithunzi. Odwala nawonso asamachoke pakhomo la dokotala ndi pepala limene sakulimva, popeza safunsa anadya phula, ndipo achinyamata athu a mafoni adziwe kuti liwu limodzi la Chingerezi cha kuchipatala lingakhale ndi tanthauzo losiyana ndi limene foni yawapatsa.

Mwana wa mlongo wanga uja atabwerera, Loweruka lotsatira ndinapita kumudziko ndi kalendala yanga, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, abale onse pamodzi ndi nyakwawa, ine n'kujambulanso mafuwa atatu aja ndi impso zikukwera makwerero. Mlongo wanga anafunsa ngati nayenso ayenera kukwera kumtunda kukajambulitsa kuti adziwe za mitsempha yake, ndipo ndinamuuza kuti asunge ndalama ya minibasi agulire mbewu. Mnyamata wa Fomu 4 uja ndi amene ananyamula nkhuku kukapepesa kwa gogo, ndipo gogoyo anailandira osanena zambiri. Mbuzi zija sizinabwerere. Tisanabalalike ndinatenga buku la kuchipatala la mwana wa mlongo wanga n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu m'kati mwa chikuto kuti impso yakumanzere ili ndi mitsempha iwiri ndipo mtsempha wakumanja wa chiwindi ukuchokera ku superior mesenteric, m'Chingerezi pamwamba ndi m'Chichewa pansi pake, kenako iye analikulunganso m'kapulasitiki kake ka shuga.

Ine wanu wowerenga,
Clinical officer wopuma pantchito,
Ngabu, Chikwawa.